Musanagule grinder yodulira zitsulo

Mu mzinda wa Blantyre nyumba siitha popanda chitsulo. Munthu akangofolera nyumba ku Machinjiri, ku Bangwe kapena ku Chileka, asanaganize za penti amayamba waganiza za zitsulo za m'mawindo, chitseko chachitsulo ndi geti. Thanki ya madzi imafuna nsanja. Mbaula, wilibala, bedi, kaliyala wa njinga ya kabaza, mashelefu a m'golosale, zonsezi zimayambira pa munthu amene walemba chizindikiro pa chitsulo n'kuchidula. Kulira kuja mumakumva mukamadutsa pamsika wa Ndirande kapena kuseri kwa mashopu a ku Limbe, kumene mbaliwali za moto zimathethekera mpaka mumsewu, ndi kulira kwa grinder, makina ogwira m'manja amene amazunguza disiki mothamanga kwambiri mpaka chitsulo kugonja.

Kale makina amenewa anali a amisiri owotcherera zitsulo okha. Masiku ano aphunzitsi, madalaivala, amayi a mabizinesi ang'onoang'ono, ngakhale ophunzira a ku MUBAS pa Chichiri apa, akufuna kukhala ndi awoawo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo mmisiri naye sakanachitira mwina koma kukweza wake. Anthu ayamba kukonza okha zimene kale ankataya kapena kuitanira munthu. Koma kukwera mitengo komweko kukutanthauza kuti makinawo sagulidwa kawiri. Ukalakwitsa ulendo woyamba, ndalama yapita. N'chifukwa chake ndikuona kuti nkhaniyi ndi yofunika kuikhalira pansi.

Tiyambe ndi kusiyanitsa mitundu iwiri ya makina imene anthu amaisokoneza, makamaka amene amayamba aonera mavidiyo pa YouTube kapena pa Facebook. Pali kamakina kakang'ono kogwira ndi zala ngati mmene timagwirira cholembera, kamene kanatchuka ndi kampani ya Dremel. Albert Dremel anayambitsa kampaniyi mu 1932 ku Racine, m'chigawo cha Wisconsin ku America, ndipo kuyambira 1993 ili m'manja mwa Bosch. Kamakinaka kamazungulira mwaliwiro lodabwitsa, mpaka maulendo 35,000 pa mphindi imodzi, koma mphamvu yake ndi yochepa, kawirikawiri siifika mawati 200, ndipo kadisiki kake sikafika mamilimita 40 m'lifupi. Ndi kabwino kwambiri pa ntchito yake: kudula bawuti yaing'ono imene yachita dzimbiri pamalo opanikizika, kutsegula mzere pamutu wa sikuluwu imene yaphwanyika kuti imasuke, kulemba dzina pa chitsulo, kusalaza makiyi, kupukuta mphete ndi ndolo. Wokonza mafoni ndi mawailesi angakakonde. M'mavidiyo kamaoneka kakudula chitsulo, ndipo si bodza, koma yang'anitsitsani kupyapyala kwa chitsulocho. Mukakapatsa chitsulo cha Y12 chomangira nyumba, mutha timadisiki tambirimbiri, kamakina katentha, dzuwa lilowa musanamalize windo limodzi.

Mtundu wachiwiri ndi uja amisiri amangoti grinder. Injini yake imagona motalika m'chogwirira, ndipo kumutu kwake kuli magiya amene amakhotetsa mphamvuyo kuti disiki izizungulira cham'mbali. Kampani ya ku Germany ya Ackermann + Schmitt, imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti Flex, inatulutsa makina othamanga a mtunduwu mu 1954, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. Ngati cholinga chanu ndi geti, zitsulo za m'mawindo, mapaipi, khola la nkhuku lachitsulo kapena nsanja ya thanki, makina anu ndi amenewa.

Funso loyamba m'shopu limakhala la kukula, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa ndi maso. Grinder imatchulidwa ndi kukula kwa disiki imene imanyamula. Zofala kwathu kuno ndi ziwiri: ya mamilimita 115, imene amisiri amaitchula kuti ya mainchi anayi ndi theka, ndi ya mamilimita 230, ya mainchi 9. Pakati pake pali za 125 ndi 180. Yaing'onoyo imalemera pafupifupi makilogalamu awiri, mphamvu yake imakhala pakati pa mawati 700 ndi 900, ndipo imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi. Yaikuluyo imalemera makilogalamu asanu kapena kuposera, imadya mawati 2,000 mpaka 2,400, ndipo imazungulira maulendo pafupifupi 6,500. Munthu akaziona ziwirizi pashelefu, mtima umathamangira yaikulu, poganiza kuti yaikulu igwira ntchito zonse, zazikulu ndi zazing'ono zomwe.

Ine ndimatsutsa maganizo amenewa. Taonani zitsulo zimene timagwiritsa ntchito pakhomo: machubu a makona anayi okhuthala mamilimita 1.2 kapena 1.6, zitsulo za ngodya, zafulati, za Y10 ndi Y12. Disiki yatsopano ya 115 imalowa m'chitsulo pafupifupi mamilimita 30, ndipo zonsezi imazidula mosavuta. Chubu chachikulu mumangochizungulira mbali ndi mbali. Grinder ya mainchi 9 ndi ya munthu amene tsiku lonse akudula zitsulo zochindikala, njanji zakale, kapena konkire. Ikakanirira m'chitsulo imakankha ndi mphamvu yoti munthu wosazolowera sangaigwire, ndipo pamakwerero kapena pamwamba pa denga ndi yoopsa kwambiri. Mkono ukatopa ndi kulemera, mzere umakhota, ndipo disiki imasweka pa mzere wokhota. Wogula koyamba atenge ya 115. Ngati mwapeza ya 125 pa mtengo wabwino, funsani kaye ngati madisiki ake amapezeka pafupi ndi kwanu. Ya 125 ikhoza kunyamulanso disiki ya 115, koma ya 115 singanyamule ya 125 popanda kuchotsa chishango, ndipo chishangocho sichichotsedwa.

Ndifotokoze chifukwa chake, popeza chizolowezi chochotsa chishango chazika mizu m'malo ambiri owotcherera zitsulo. Madisiki odulira amapangidwa kuti m'mphepete mwake musathamange kuposa mamita 80 pa sekondi imodzi, omwe ndi makilomita 288 pa ola. Pa disiki iliyonse yabwino amalembapo malire ake: ya 115 amalemba maulendo 13,300 pa mphindi, ya 230 amalemba pafupifupi 6,650. Tsopano wina amatenga disiki ya mainchi 9, mwina yothako pang'ono, n'kuchotsa chishango cha grinder yaing'ono kuti ikwane. Disiki yathunthu ya 230 ikazungulira maulendo 11,000, m'mphepete mwake mumathamanga mamita opitirira 130 pa sekondi. Ulusi ndi guluu zimene zaigwira sizinapangidwire liwiro limenelo. Ikaphulika, zidutswa zake zimapita kumene nkhope, khosi ndi ntchafu zili, ndipo chishango chimene chikanazitchinga chili pansi pa benchi. Amisiri ena amati akhala akuchita zimenezi zaka zambiri osavulala. Ndimawalemekeza pa luso lawo, koma pamenepa sindigwirizana nawo, ndipo wophunzira asatengere.

Kenako pali nkhani ya magetsi, imene m'dziko muno siingalekanitsidwe ndi nkhani ya makina. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, ndipo masoketi athu ndi a mano atatu a makona, ofanana ndi a ku Britain. Makina ambiri amene abale athu amabweretsa kuchokera ku Johannesburg amagwirizana ndi magetsi athu, koma pulagi yake imakhala ya mano ozungulira. Dulani pulagiyo muikepo yathu ya fyuzi ya maampu 13. Kulowetsa mawaya osenda m'soketi n'kuwapanikiza ndi timitengo ta machesi, monga timaonera m'malo ambiri, kumatenthetsa soketi ndiponso kumasiya munthu pafupi ndi imfa pamene manja ake onse ali pa makina. Chenjerani kwambiri ndi makina a kaunjika obwera m'makontena. A ku America ndi a mavolti 120, a ku Japan ndi a mavolti 100, ndipo ena a ku Britain ogwiritsa ntchito pomanga nyumba, amene amakhala ndi pulagi yachikasu, ndi a mavolti 110. Mukawalowetsa pa magetsi athu amalira mokweza kwa kanthawi kochepa kenako n'kupsa. Werengani kachikwangwani ka pathupi pa makinawo: pakhale 220, 230 kapena 240. Onaninso mazinga a chitsulo chimene disiki imakhalapo. Ofala kwathu ndi a M14, ndipo bowo la disiki ndi la mamilimita 22.23. Makina ena ang'onoang'ono a mamilimita 100 ochokera ku Asia ali ndi bowo locheperapo, ndipo mungazunguzike mu Limbe monse kufuna disiki yokwana.

Grinder yaing'ono siitha mayunitsi monga anthu amaopera. Ya mawati 800 itagwira ntchito ola lathunthu osapuma siimaliza yunitsi imodzi, ndipo palibe amene amadula ola lathunthu osapuma. Vuto lenileni ndi waya wotalikitsira. Timawaya topyapyala ta mtengo wotsika, topangidwira kutchajira foni ndi kuyatsira wailesi, timachepetsa mphamvu yofika ku makina, ndipo injini imene ikulandira mphamvu yoperewera uku ikukakamizidwa kudula imatentha. Kwa grinder yaing'ono pezani waya wa saizi ya 1.5, kwa yaikulu, kapena mtunda ukatalika, wa 2.5. Waya wokulunga pa gudumu muzimumasula yense musanayambe ntchito, chifukwa akakhala wokulungidwa amatentha mkati. Madzulo, pamene aliyense akuphika ndipo mababu akuoneka ofooka, si nthawi yabwino yokakamiza makina.

Nanga magetsi akathima? Tonse tikukumbukira zimene zinachitika mu Januwale 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Kwa miyezi yambiri amisiri a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa ankagwira ntchito usiku kapena mbandakucha, nthawi imene magetsi abwera. Zoterezi zimachititsa anthu kuganiza za grinder ya batire, ndipo m'mashopu zachuluka. Ubwino wake ulipo: palibe waya wokukolani miyendo, mukhoza kupita nayo ku puloti kumene magetsi sanafike, ndipo zambiri zimaima msanga mukasiya switchi. Koma werengani masamu ake. Batire ya mavolti 18 yolembedwa 4Ah imasunga mphamvu imene grinder ya waya ya mawati 800 ingathe m'mphindi zisanu zokha ikugwira ntchito yolemetsa. Ndi yokwanira kudula loko amene kiyi wake watayika, mabawuti angapo, kapena machubu owerengeka. Geti yathunthu imafuna mabatire awiri kapena atatu, ndipo mabatirewo amatchajidwa ndi magetsi omwewo amene athima, pokhapokha muli ndi sola. Batire ikafa pakatha zaka zingapo, mtengo wa ina umayandikira wa makina atsopano a waya, ndipo batire ya Makita siilowa pa Ingco, ya Ingco siilowa pa Bosch. Ngati muli kale ndi drill ya batire ya kampani ina, kugula grinder ya kampani yomweyo kuli ndi nzeru. Ngati mukuyamba kumene, yambani ndi ya waya. Wogwiritsa ntchito jenereta akumbukire kuti injini ikamadzuka imakoka mphamvu yoposa imene yalembedwa. Kajenereta kakang'ono kounikira m'nyumba kamatha kuzima grinder yaikulu ikangoyatsidwa.

Za mayina a makampani sindichedwapo, chifukwa dzina palokha silidula chitsulo. Makita, Bosch ndi DeWalt ndi odziwika pa kulimba, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Ingco ndi Total, zochokera ku China, zadzaza m'mashopu ambiri pa mtengo wofikirika, ndipo kwa munthu wodula Loweruka lokha zimagwira ntchito. Ryobi imabwera kwambiri kudzera ku South Africa. Chimene ndimaika patsogolo ndi china: kodi makinawa akadwala, mankhwala ake alipo mu Blantyre muno? M'kati mwa grinder ya waya muli timakala tiwiri, amisiri amati makaboni kapena mabulashi, timene timakhudza mbali yozungulira ya injini. Timatha pang'onopang'ono, ndipo ndi mmene tinapangidwira. Tikatha, makina amayamba kudukiza, kutulutsa moto wambiri m'mabowo opumira, kenako kuima. Kusintha timakalati ndi ntchito ya mphindi zochepa ndi ndalama yochepa, koma anthu ambiri amataya makina abwinobwino poganiza kuti apsa. Ena amapitiriza kuwakakamiza mpaka armature, mbali yozungulira ija, itawonongeka. Musanapereke ndalama, funsani wogulitsa ngati ali ndi makaboni a makina omwewo, ndipo gulani awiri apadera tsiku lomwelo. Funsani za mabering'i, za switchi, za armature. Ndipo pitani kwa munthu wokonza makina amagetsi, kaya ku Ndirande kaya ku Limbe, mumufunse kuti ndi mtundu uti umene amaupezera zipangizo mosavuta ndi uti umene umangodzaza pansi pa tebulo lake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo wokonza makina amadziwa zimene wogulitsa sangakuuzeni.

Makina achinyengo, ovala dzina la kampani yotchuka, aliponso. Amazindikirika ndi mtengo wotsika mokayikitsa, kupepuka, zilembo zosindikizidwa mwachisawawa, waya woonda wolimba ngati pulasitiki, ndi manambala onyada: kamakina kokwana m'dzanja limodzi kolembedwa mawati 2,000. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woona za ubwino wa katundu, ndipo wogula amene wanyengedwa akhoza kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, koma dandaulo lopanda lisiti limavuta kuyenda. Tengani lisiti, ndipo pakhale polembedwa nthawi ya chitsimikizo. Pemphani kuti makinawo awayatse muli pomwepo. Mverani kulira kwake kwa mphindi imodzi: kukhale kosalala, kopanda kukhuluza kwa magiya. Akazimitsa ndi kuzula pulagi, gwedezani chitsulo chonyamula disiki, chisagwedere. Onani kuti chishango, chogwirira cham'mbali, manati awiri opanira disiki ndi sipanala yake zonse zili m'bokosi. Ngati pali mwayi wosankha, switchi yoti mukaisiya makina amazima ndi yabwino kuposa yokankha n'kukhazikika. Kwathu kuno mfundo imeneyi ndi yaikulu: magetsi akathima muli pakati pa ntchito, n'kosavuta kuika grinder pansi switchi ili yoyatsa, ndipo akabweranso makinawo amadzuka okha n'kuyamba kuthamanga pabwalo pamene ana akusewera. Makina ena atsopano ali ndi chitetezo choletsa zimenezi. Ngati anu alibe, magetsi akangothima zimitsani switchi ndi kuzula pulagi.

Tsopano disiki, imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa makina enieniwo. Munthu amatha mwezi wonse kusinkhasinkha za grinder, kenako n'kutola disiki iliyonse yotsika mtengo pa benchi ya m'mbali mwa msewu. Chonsecho chimene chimakhudza chitsulo, ndiponso chimene chingakuvulazeni, ndi disikiyo. Yodulira imakhala yopyapyala, kuyambira milimita imodzi mpaka atatu. Yopalira ndi kusalaza powotcherera imakhala yochindikala, pafupifupi mamilimita 6. Ziwirizi sizisinthana ntchito. Disiki yodulira inapangidwa kuti igwire ntchito ndi m'mphepete mwake mokha. Mukaigoneka cham'mbali kuti musalaze nayo, mukudya ulusi umene waigwira, ndipo idzasweka, mwina osati lero. Pa machubu opyapyala disiki ya milimita imodzi imadula msanga, moyera, osatenthetsa chitsulo, komanso siilemetsa injini yaing'ono. Pali ina ya timapepala ta sandipepa tosanjikizana, imene imasalaza bwino musanapake penti. Nambala 40 ndi yokhakhala, 80 ndi 120 ndi zosalala. Ya matailosi ndi konkire ndi yachitsulo yokhala ndi dayamondi m'mphepete. Yolembedwa INOX ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri, monga cha masinki a kukhitchini; disiki wamba imasiya tizitsulo timene pambuyo pake timachita dzimbiri pamalo odulawo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti disiki imakhala ndi tsiku lothera ntchito. Guluu amene amagwira mchenga wake amafooka ndi nthawi ndiponso ndi chinyontho. Pa kamkombero kachitsulo ka pakati pa disiki yabwino amadindapo mwezi ndi chaka, kawirikawiri zaka zitatu kuchokera pamene inapangidwa, ndipo pa pepala lake pamakhala chizindikiro cha EN 12413. Disiki imene yakhala padzuwa ndi pamvula pamsika, kapena imene yagona m'shedi yodontha nyengo yonse ya dzinja, kapena yamwa chinyezi cha chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, ikhoza kuoneka yabwino koma mkati yafooka. Sungani madisiki m'nyumba, pouma, atagona mosanjikizana. Imene yagwa pansi kapena yabenthuka m'mphepete, ithyoleni ndi kuitaya kuti wina asaitole. Mukaika yatsopano, yatsani makina kwa theka la mphindi mutawalozetsa kumbali kopanda munthu, musanakhudze chitsulo.

Kudula kwenikweni kumafuna kudekha kuposa mphamvu. Chitsulo chimangidwe pa vaisi kapena chipanidwe pa benchi, osati kupondedwa ndi phazi la patapata kapena kugwiridwa ndi mwana. Mbali imene ikudulidwayo ikhale yomasuka kugwa, chifukwa chitsulo chogonekedwa pa njerwa ziwiri n'kudulidwa pakati chimapinda n'kutsina disiki, ndipo apo ndi pamene makina amadumphira munthu. Manja onse awiri akhale pa makina. Musakanikize, kulemera kwa grinder n'kokwanira, ndipo mukamva kulira kwa injini kukutsika, dziwani kuti mwapanikiza mopitirira. Imani cham'mbali, osati kumbuyo kwenikweni kwa disiki. Mukamaliza, dikirani disiki iime musanaike makina pansi, kenako chotsani zakuthwa za podulapo ndi tupa.

Pali zinthu zimene grinder siyenera kukhudza ngakhale ingathe. Choyamba ndi mgolo kapena thanki imene munali petulo, dizilo, sipiriti kapena mankhwala. Anthu amakonda kudula migolo kuti apange mbaula zazikulu, zowotchera nyama kapena zomwera ziweto. Mgolo wooneka wopanda kanthu umakhala ndi mpweya woyaka, ndipo mbaliwali imodzi imauphulitsa. Kutsuka kamodzi sikukwanira. Ngati simukudziwa chimene munali mkatimo, usiyeni. Chachiwiri ndi matabwa. M'misika mumapezeka masowo ozungulira a mano amene amakwana pa grinder, koma makinawa amathamanga mopitirira kwambiri kwa sowo ya mano. Dzino likakola mfundo kapena msomali, makina amathawa m'manja. Zala zambiri zapita mwanjira imeneyi. Chachitatu ndi malata. Amadulika msanga, n'zoona, koma kutentha kumawotcha utoto ndi chophimba choteteza dzimbiri, ndipo tizitsulo tamoto timagwera pa lata lonse n'kumata. Mvula yoyamba ikagwa denga latsopano limatuluka madontho ofiira. Amisiri okhoma zidebe amadula malata ndi sizasi yawo yaikulu ija, ndipo pamenepa njira yawo ndi imene ili yolondola. Mbaliwali zomwezo zimawononga magalasi a mawindo, matailosi ndi penti ya galimoto, ndiponso zimayatsa udzu wouma wa mu Okutobala, choncho yang'anani kumene zikupita musanayambe.

Pa bajeti yanu, magalasi oteteza maso akhale pamzere woyamba, osati pa zotsala. Magalasi a dzuwa sateteza, ndipo chipewa chowotcherera n'chakuda kwambiri moti simungaone mzere. Kachitsulo kotentha kakalowa m'diso kamamatirira pa galasi la diso ndipo pakangopita maola ochepa kamayamba dzimbiri. Musakachotse ndi kamtengo ka machesi, ngodya ya mpango kapena lilime la mnzanu, ndipo musathiremo mkaka wa m'mawere kapena madzi a zitsamba. Tsukani ndi madzi oyera, phimbani diso, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pa Queen Elizabeth Central Hospital pali chipatala cha maso cha Lions Sight First. Makutu nawo amafa mwakachetechete. Phokoso lopitirira madesibelo 85 limawononga makutu munthu akakhalamo nthawi yaitali, ndipo grinder ikamadula chitsulo imapitirira pamenepo kutali. Amisiri achikulire ambiri amene amakufunsani kawiri zimene mwanena sanabadwe choncho. Timapulagi ta m'makutu n'totsika mtengo. Valani nsapato zotseka ndi zovala za thonje zosalendewera, chifukwa jezi ya mpira ya nayiloni imasungunukira pakhungu. Podula konkire kapena matailosi, fumbi lake limawononga mapapo, ndiye pamafunika chotchinga mphuno chenicheni. Amene walemba ntchito achinyamata pa shedi yake adziwe kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika pa olemba ntchito udindo woteteza antchito awo, ndipo mnyamata wophunzira ntchito maso ake ndi ofunika mofanana ndi a bwana wake.

Si aliyense amene akufunika kugula. Ngati ntchito yanu ndi kudula mapaipi awiri pa chaka, sowo yamanja yodulira zitsulo, yokhala ndi mpeni wabwino wa mano 24 pa inchi, ikukwanirani. Siifuna magetsi ndipo siidumphira munthu. Ngati ndi geti imodzi yokha, kulipira mmisiri kungakhale kotchipa kuposa kugula makina, madisiki, waya ndi magalasi, makamaka poti grinder imangodula, kulumikiza kumafunanso makina owotcherera. Koma amene akumanga nyumba pang'onopang'ono, amene ali ndi nyumba za lendi zofuna kukonzakonza, kapena wachinyamata amene akufuna kuyamba kupanga mbaula ndi mashelefu ogulitsa, grinder ya 115 imabweza ndalama yake. Wachinyamata woteroyo aganizirenso zophunzira mwadongosolo, kaya pa Soche Technical College kaya kudzera m'maphunziro a TEVETA, bungwe limene lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999. Ngakhale wongofuna kukonza zapakhomo, m'mawa umodzi pafupi ndi mmisiri wosamala, kuona mmene amaimira ndi mmene amagonekera chitsulo, umamuphunzitsa zimene vidiyo siionetsa.

Mukagula, dziwani kuti mwagulira mzere wonse wa nyumba. Aneba adzabwera kudzabwereka, ndipo kwathu kuno kumana chida si chinthu chapafupi. Makina ambiri amafera kobwerekedwa: amapita ndi chishango n'kubwera opanda, sipanala imasowa, nati imamangidwa ndi hamala ndi chizulo, injini imabwera ikununkha kupsa chifukwa wina amadulira konkire tsiku lonse. Pobwereketsa, funsani chimene akufuna kudula, muwauze agule disiki yawo yoyenera ntchitoyo, ndipo magalasi apite limodzi ndi makina. Ngati munthuyo sanagwirepo grinder, ndi bwino kupita nokha kukamudulira. Makina akabwerera, zulani pulagi, pemererani fumbi la chitsulo m'mabowo opumira, onani waya ngati sanachekeke, ndipo pakapita miyezi ingapo tsegulani muone kutalika kwa makaboni.